Chombo cha Bambo Anga m'Buku la Thuwaini

Thuwaini ndinakhala naye benchi imodzi kusukulu ya pulayimale kuno ku Sur, ine ndisanathawire kunyanja. Munthu ameneyu ankasanza ngakhale m'kabwato koolokera ku Ayjah. Lero ndiye katswiri wa mbiri ya zombo zathu, mabuku asanu ndi limodzi, ndipo pa wailesi yakanema amavala magalasi n'kumakamba za mphepo za ku India ngati anagona nazo.

Nkhani zake amazitola kwa ife amalinyero akale Lachinayi lililonse tikakhala pamphasa kumwa khofi. Pamphasapo amene amayankhula ndi wamkulu kuposa onse. Enafe timangogwedeza mutu, ngakhale mkuluyo anene kuti nsomba zimakwera ngamila. Wamkulu wathu ndi a Bakhit, omwe anadana ndi bambo anga kuyambira pomwe anawakaniza kukwatira azakhali anga. Iwowa anauza Thuwaini kuti Nasra, chombo cha bambo anga, chinkangonyamula miyala ya laimu m'mbali mwa gombe. Thuwaini analemba momwemo, mzere umodzi, m'buku lake lachiwiri. Chonsecho Nasra chinafika ku Calicut, ku India, chitadzaza zipatso za kanjedza, ine ndili momwemo.

Ndinamudandaulira kumsika wa nsomba. Anati iye salemba zonong'onezedwa kumsika, amalemba zonenedwa pamaso pa anthu. Ndiye ndinadikira kuti a Bakhit atsikire kumanda. Koma nkhalambayo imadya maswiti a haluwa ngati mwana, imfa ikamadutsa imachita ngati sikuiona.

Chaka chatha Thuwaini analengeza kuti maso ake akutha, buku lachisanu ndi chiwiri likhala lomaliza. Ndinaona kuti bambo anga akhala onyamula miyala mpaka tsiku lachiweruzo. Mwamwayi, mdzukulu wa a Bakhit anakwatiwa ku Muscat, anthu n'kuinyamula nkhalambayo pagalimoto. Lachinayi limenelo wamkulu pamphasa ndinali ine.

"Lero usasanze, Thuwaini," ndinatero. "Tikupita kutali."

"Yankhulani, amalume Salmin," anayankha, akutsegula kamakina kake kojambulira mawu. Amalume, chonsecho timasiyana miyezi yowerengeka.

Ndinayamba bwinobwino: kanjedza, mphepo, doko la Calicut, mayina a amalinyero. Onse ankagwedeza mitu. Sindinkadziwa kuti kugwedezeredwa mutu kumakoma chonchi. Ndinawonjezera namondwe, poti analipodi, kungoti ndinamukulitsa pang'ono. Mitu inagwedezeka. Ndinabweretsa achifwamba a panyanja, bambo anga n'kuwathamangitsa ndi mphika wa mpunga wotentha. Mitu inagwedezekabe. Pofika nthawi ya mapemphero a swala, namgumi anali atakoka Nasra usiku wonse mpaka kuchifikitsa padoko, ndipo mfumu ya kumeneko inali itapempha bambo anga kuti akwatire mwana wake. Palibe anatsokomola n'komwe. Thuwaini anandithokoza, akupukuta magalasi.

Buku linatuluka mwezi watha. Mdzukulu wanga Ghaya anabwera nalo akuvina, akuti Nasra chapatsidwa masamba khumi, kuposa chombo china chilichonse cha ku Sur. Ndinamuuza andiwerengere mutu wa chigawocho, poti zilembo zing'onozing'ono zimandivuta. Anawerenga: "Mabodza okoma a amalinyero athu."

Zonse zili mmenemo. Calicut weniweni wakhala pakati pa namgumi ndi mphika wa mpunga, ndiye ndani angamukhulupirire? M'chigawo cha mbiri yeniyeni, Nasra chikunyamulabe miyala.

Ndinapita kwa Thuwaini kukamuuza kuti achotse namgumiyo asiye Calicut. Anati buku losindikizidwa silibwerera padoko, komanso chigawo changa ndicho anthu akugulira bukulo. Ana a sukulu akuti achita sewero, Ghaya ndiye namgumi.

"Koma ku Calicut tinafikadi," ndinatero.

Thuwaini anandiyang'ana mwaulemu wonse, n'kugwedeza mutu.