Mkamwini ndi Magolovesi a ku Joni

Matipate atangofika, ife a pa Mitundu tinali ngati mbuzi zomasulidwa pachingwe. Pakamwa pamene panatsekedwa zaka zambirimbiri panatseguka, ndipo titatopa kunyoza andale tinayamba kukangana za nkhonya.

Woyambitsa anali Gilibati, amene anagula jenereta n'kutsegula vidiyo kuseri kwa msika. Lero aonetse Ali, mawa aonetse Tayisoni. Basi nkhani inali yomweyo kuchigayo, pabawo, ngakhale pamaliro: awiriwa akanakumana onse ali pachimake, akanagwa ndani? Madala ankati Ali, poti sungamenye chinthu chimene sukuchipeza. Anyamata ankati Tayisoni, poti kuvina n'kwa ku gule. Unali mkangano wopanda mutu, koma unkatisowetsa mtendere.

Tsono ifenso tinali ndi zimphona zathuzathu. Panali a Zakeyu, amene anamenya nkhonya m'makomboni a migodi ku Joni nthawi ya Wenela, m'gulu la ankhonya olemera thupi kwambiri. Anabwerako ndi mphuno yophwanyika ndi magolovesi ofiira, amene ankakhala pamsomali m'nyumba mwawo. Ndiye panali Noah wa ku Nathenje, mnyamata wonyamula mabelo a fodya, amene anali atagwetsapo anzake angapo m'tauni. Noah ameneyu ankafuna kukwatira Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo wa a Zakeyu. Bambo ake a Tiyanjane analipo, inde, koma kwathu kuno mwini mbumba ndi atsibweni. Popanda a Zakeyu kuvomera, ankhoswe sakanakhala pansi.

Tsiku lina pa Nathenje, pakati pa ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu, wina anafunsa Noah kuti nanga iye ndi a Zakeyu akale aja, akanagwa ndani. Mnyamata wanzeru akanangoseka. Noah anatukumula chifuwa.

"Tsobola wakale sawawa," anatero. "Madala aja ankangosisitana. Sakanamaliza nane raundi imodzi."

Mawuwo anakwera njinga za ogulitsa makala, n'kufika pa Mitundu atanenepa kale. A Zakeyu sanakalipe. Anatsitsa magolovesi pamsomali, nawapaka mafuta ophikira, nayamba kuzungulira nyumba ngati munthu wotaya chinthu. Kenako anatumiza uthenga ku Nathenje: ankhoswe ayambe adikira, mnyamatayo abwere yekha tsiku la msika adzalawe tsobola wakale.

Amene anavutika zenizeni ndi Tiyanjane. Iye ankadziwa chimene ife sitinkadziwa. Dzanja lamanja la atsibweni ake linali litayamba kunjenjemera, moti chikho cha thobwa ankachigwira ndi lamanzere, lamanjalo atalibisa m'thumba la jekete. Noah akanawamenya, m'mudzi monse akanati mkamwini wanji wotukula dzanja pa apongozi. Akanakana kubwera, a Zakeyu akanati mbumba yawo sapatsa munthu wamantha. Mtsikana uja ankati akayamba kusinja n'kusiya, kupita kumjigo n'kubwerako chidebe chili theka. Anadandaulira mayi ake, koma iwo anangoti, "Atsibweni akowo sindinawaonepo atabwerera m'mbuyo."

Tiyanjane anabwereka njinga n'kutsata msewu wafumbi wa ku Nathenje. Anamupeza Noah m'chigafa cha fodya akumenya thumba la mchenga.

"A Noah, pakamwa panupa mudzafa napo," anatero asanatsike n'komwe panjinga.

"Ndinkangocheza, Tiya."

"Kuchezako kwandilanda banja. Tamverani. Akakakukhudzani, mukagwe."

"Ndikagwe? Ine? Nanga dzina langa m'tauni?"

"Mukakwatire dzinalo," anatero Tiyanjane, misozi ili m'maso. Anamuuzanso za dzanja lija, chinthu chimene sanauzepo munthu aliyense. Noah anavomera, thumba likugwedezeka lokha pakati pawo.

Tsiku la msika palibe anagula kanthu. Gilibati anazika nsichi zinayi kuseri kwa vidiyo yake n'kuzunguliza zingwe zomangira ng'ombe. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera pangolo. Madala anakhala mbali yawo, anyamata mbali yawo, ngati mlandu wa Ali ndi Tayisoni ukagamulidwa pomwepo. Tiyanjane anaima pafupi ndi chingwe, akumanga ndi kumasula chitenje chake.

Noah atafika anachita zonse zaulemu. Anagwada patali, nawomba m'manja, maso ali pansi. A Zakeyu anavula jekete, navala magolovesi ofiira aja, ndipo Gilibati anamenya chitsulo cha gudumu la galimoto.

Tinadabwa tonse. Mapazi a mdala uja ankakumbukirabe ntchito yawo. Anazungulira kumanzere, mapewa ali m'mwamba, fumbi likudzuka pang'onopang'ono. Noah nayenso anakweza manja, koma maso anawasiya pansi, poti mkamwini sayang'anitsitsa apongozi kumaso. Ndiye cholakwikacho chinali chimenecho. Munthu woyang'ana pansi nkhonya saiona. Anangoona phazi la a Zakeyu likuponda kutsogolo, anthu n'kukuwa, iye n'kudziponya pansi, khu! Golovesi inali ikadali m'malere, kutali ndi chibwano chake moti pakatipo pakanadutsa nkhuku.

Kenako chiseko chinaphulika.

"Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka!" anakuwa mayi wina wogulitsa nyemba.

"Nkhonya ya ku Joni imagwetsa ndi mphepo!" anawonjezera Gilibati, akudzigwira pamimba.

A Zakeyu anaima pomwepo, mkono uli chitambasukire, ndipo golovesi yofiira ija inkanjenjemera pamaso pa msika wonse. Chinsinsi cha m'thumba la jekete chinali poyera. Tiyanjane anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Ankafuna kuwateteza atsibweni ake, koma anawasandutsa choseketsa.

"Dzuka," anatero a Zakeyu. Sanakweze mawu, komabe chiseko chinatha. "Ku Joni anandithyola mphuno, anandithyola nthiti, koma palibe anandinyozapo chonchi. Wandiona ngati nkhalamba yoti uinyengerere?"

"Pepani bambo, ndimati ulemu."

"Ulemu wa mkamwini ukandipatse kumudzi. Muno m'zingwe ulemu ndi wina. Ndiyang'ane kumaso."

Noah anadzuka, nayang'ana kwa Tiyanjane. Mtsikanayo ankalira, ndipo ankadziwa kuti banja lake lapachikika pa chimene achite. Anagwedeza mutu kuvomereza.

Noah anakweza maso. Nkhonya yake yamanzere inatuluka yeniyeni, ija yogwetsera anthu m'tauni. Mutu wa a Zakeyu unangosuntha pang'ono, nkhonya n'kudutsa pakhutu. Madala anadzuka onse n'kukuwa. Pomwepo dzanja lonjenjemera lija linalowa pansi pa chigongono cha Noah n'kugunda nthiti, pamalo pake penipeni, ngakhale mphamvu munalibe. Yachiwiri ya Noah inawapeza pachifuwa. A Zakeyu anabwerera m'mbuyo, nakhala pansi mwamphamvu.

Palibe anaseka. Tiyanjane anadutsa pansi pa chingwe n'kuthamangira pomwe anali. Mdala uja ankapuma movutika, maso atafiira, ndipo panatenga nthawi kuti tizindikire kuti akuseka.

"Mwaiona yoyamba ija?" anafunsa, akutiyang'ana tonse. "Yadutsa pati?"

"Pakhutu!" anayankha madala.

Noah anali atagwadanso, maso abwerera pansi. "Mukanandipeza nthawi yanu ija, bambo, ndikanagwa zoona."

"Usandinamize kawiri tsiku limodzi," anatero a Zakeyu. "Zimenezo sudziwa iwe, sindidziwa ine. Koma umamenya, mwana iwe." Anatambasula manja kuti Tiyanjane awamasule zingwe za magolovesi. "Ankhoswe ako abwere. Koma magolovesi awa sindikupatsa, iwala."

Tiyanjane anaseka misozi ikutsika, zala zake zikulephera kumasula mfundo.

Madala ndi anyamata anayambiranso kukangana pomwepo, awa akuti yoyamba inaphonya, awo akuti yachiwiri inagwetsa. A Zakeyu sanawamvere. Anavala jekete yawo n'kuyamba ulendo wa kumudzi, Noah akukankha njinga m'mbuyo mwawo. Dzanja lamanja lija linkanjenjemerabe, koma sanalibwezere m'thumba.