Injini ya ku Matero

Edna Mbewe anali atakonza magalimoto kwa zaka khumi ndi chimodzi ku Kalingalinga, pakati pa akalipentala opanga mabedi ndi malo owotcherera zitsulo a ba Sampa. Koma palibe galimoto imene inamuwawitsa mutu ngati ya amalume ake, ba Abraham. Inali galimoto yaikulu, yaitali kuchokera pansi, imene ankapita nayo kumidzi ya ku Petauke kukagula mtedza ndi nyemba. Inali itayenda makilomita oposa 400,000, ndipo mwezi wa Meyi inafika pagalaja ikutulutsa utsi wabuluu, injini ikugogoda ngati munthu akusinja.

Edna anaitsitsa injiniyo n'kuimasula yonse. Mapisitoni anali atatha, ndipo kalankishafuti, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, inali yokalika, koma buloko, thupi lenileni la injini, inalibe mng'alu uliwonse. Anawafotokozera amalume ake kuti injiniyo ingathe kumangidwanso ndi zipangizo zatsopano, ndipo ingawatumikire zaka zina zambiri. Anangopempha masabata awiri.

Ba Abraham anamvetsera akugwedeza mutu, koma m'mawa mwake anabwera ndi mnzawo wa kutchalitchi, ba Kabwe, amene sanagwirepo sipanala koma ankadziwa aliyense wogulitsa zitsulo mumzinda. Ba Kabwe anati kumanga injini yakale ndi kusoka chigamba pachigamba. Anati ku Matero kuli injini yochokera kunja, yongoyenda pang'ono, ndipo m'masiku awiri galimoto ikhala pamsewu. Mtedza unali utayamba kale kugulidwa kumudzi, choncho mawu amenewa anawakomera ba Abraham.

"Bamalume, ngati mufuna kugula, gulani," anatero Edna. "Koma nitengeni niyende nikaione poyamba."

Anamulonjeza. Lachitatu masana kalole kanaima pagalaja, injini ili kumbuyo, yogulidwa kale. Inali yotsukidwa bwino ndi yopakidwa penti yasiliva mpaka pamitu ya mabawuti. Edna atatsegula pansi pake, oyilo anatuluka wolimba ngati matope a m'ngalande, ndipo atamupekesa pakati pa zala anamva tizitsulo. Anawaonetsa amalume ake chala chakudacho. Iwo anayang'ana ba Kabwe, ba Kabwe n'kunena kuti injini iliyonse imene yakhala m'sitima ya pamadzi nthawi yaitali imatero.

Edna anafuna kukana ntchitoyo. Akanakhala munthu wina akanamuuza kuti anyamule chitsulo chakecho akayese kwina. Koma awa anali mlongo wawo wa amayi ake, amene anamulipirira sukulu ya umakaniko bambo ake atamwalira. Anangopukuta manja n'kuyamba.

Masiku awiri aja anasanduka khumi. Injiniyo inali ya mtundu womwewo koma ya chaka china, ndipo miyendo yake sinkagwirizana ndi pokhalira. Ba Sampa anadula ndi kuwotcherera kawiri konse. Nthambo za magetsi zinasiyananso, ndipo Edna anazilumikiza imodziimodzi atagona chagada pakatoni, fumbi la matabwa la akalipentala likumugwera m'maso. Makasitomala ake ena awiri anatopa kudikira n'kupita kwina. Tsiku lililonse ba Abraham ankakhala pabenchi kufunsa ngati lero ithe, ndipo ba Kabwe akabwera ankauza odutsa kuti amakaniko a masiku ano amachedwa dala.

Loweruka injini inalira. Edna anawachenjeza kuti ayambe ayenda nayo mumzinda sabata imodzi, asaisenzetse katundu, ndipo aziyang'ana muvi wa kutentha. Ba Abraham anavomera zonse, koma Lolemba m'mamawa ananyamuka ulendo wa ku Petauke.

Anaimba foni cha m'ma leveni koloko. Anali m'mapiri, asanafike pamlatho wa Luangwa. Galimoto inali itatentha, kenako inangoti zii. Anaikoka ndi lole ya makala, ndipo inafika pagalaja tsiku lachiwiri lake. Edna atachotsa mutu wa injini anapeza mng'alu wautali pabuloko, wakale, umene wina anaumata ndi kuubisa ndi penti. Munthu amene anawagulitsa injiniyo ku Matero anati chitsulo chikachoka pamalo pake sichibwerera.

Ba Abraham anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Mwana wanga, unakamba zoona," anatero. "Manga chabe ija yakale."

"Ili kuti ija yakale, bamalume?"

Funsolo silinali lachipongwe. Tsiku limene injini yatsopano inalira, ba Abraham anali atatuma ba Kabwe kudzatenga yakaleyo ndi wilibala ziwiri, akuti akaisunge kunyumba. Tsopano anaulula, maso ali pansi, kuti sinafike kunyumba. Ba Kabwe anawalangiza kuti chitsulo chakufa chingodzaza pakhomo, ndiye anakaipereka kwa ogula zitsulo zakutha.

Edna anakwera minibasi masana omwewo kupita kumene anaigulitsako. Anapeza mulu wa zitsulo wotalika kuposa nyumba, ndipo mayi wa pasikelo anamuuza kuti katundu wa sabata yatha anapita kale kukasungunulidwa. Anazungulirabe muluwo, akutembenuza zitsulo ndi phazi, mpaka anadzicheka pachala.

Atabwerera anakankhira galimotoyo pakona pa galaja n'kuifunditsa tenti. Anawauza amalume ake kuti afunafuna yekha buloko ina, kaya zitenga mwezi kaya itatu, ndipo ba Kabwe asadzapondenso pagalajapo. Ba Abraham sanatsutse. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, natulutsa matumba awo opanda kanthu, nawapinda bwinobwino, kenako anafunsa ba Sampa nthawi imene basi yoyamba ya ku Petauke imanyamuka.