Chinsinsi Chimene Mphemvu Zinaulula

Lutfa analowa m'kanjira ka mumsika wa mabuku wa Nilkhet, mu mzinda wa Dhaka, buku lili m'manja, mtima ukuwira. Sanayankhe moni wa munthu aliyense. Anadutsa mizere ya makina a fotokope aja amangolira tsiku lonse, mpaka pakashopu ka bambo ake, a Mofazzal, mmisiri womata mabuku. Analiponya bukulo pansi, pafupi ndi mapazi awo. Msana wa bukulo unali wodyekadyeka, masamba akuyoyoka, ndipo kamphemvu kanatulukamo n'kuthawira kuseri kwa mapepala.

"Abba, taonani."

A Mofazzal anali chikhalire pamphasa, akutakasa guluu mumphika wamkuwa. Anaponyako diso kamodzi.

"Wamata ndani zauve zimenezi?"

"Ndine. Ndi guluu wanu."

Guluu wa a Mofazzal ankadziwika msika wonse. Anamupeka okha ali mnyamata, ndipo buku lomatidwa naye linkapirira chinyezi cha mu Dhaka, chija chimaoletsa ndi malaya ali m'sutikesi. Mphemvu zinkangolilambalala. Lutfa anakulira pamphika umenewu, zikhadabo zake zili guluu yekhayekha. Mchimwene wake Tofayel ankati fungo lake limamuchititsa nseru, ndipo atangokula anagula makina a fotokope n'kuwaimika kutsogolo kwa shopu.

Lutfa ndiye anapita kuyunivesite kukaphunzira kasakanizidwe ka mankhwala. Ndiyenso anaumirira kuti guluuyo alembetsedwe kuboma, patuluke chiphaso chonena kuti mwini luso limeneli ndi Mofazzal. Lamulo lake ndi lakuti ufotokoze zonse osabisa kanthu. Bambo ankatchula, iye akulemba: ufa wa nthanga za bwemba, ufa wa tirigu, madzi a masamba a nimu, moto wake, kutakasa kwake. Anawafunsa mobwerezabwereza ngati panali chotsala. Anati palibe. Lutfa anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kunyozedwa ndi makalaliki, zonsezi kuti dzina la bambo ake lisafe.

Chiphaso chitatuluka, Tofayel, munthu wokopera chilichonse chagwera pagalasi lake, anakoperanso mafotokozedwe aja n'kumagawira aliyense womugulira tiyi. Lutfa anakalipa mpaka mawu kusasa. Koma bambo anangoseka, amvekere, "Asiye akopere." Iye anayesa kuti ndi kufatsa kwa ukalamba. Kupusa kwakeko!

Kenaka koleji ina inamupatsa mabuku ake akale kuti awamate. Anaphika guluu yekha, kutsata mafotokozedwe aja mzere ndi mzere. Mvula isanathe, mphemvu zinachita phwando. Tsono m'mawa umenewo woyang'anira mabuku anamufunsa, ophunzira ali pomwepo, ngati chiphaso chake chinali cha guluu kapena cha chakudya cha tizilombo.

"Ndinatsata zonse zimene munandiuza," anatero Lutfa. "Mabuku anu mphemvu sizikhudza. Anga zadya ngati mpunga wa biriyani wa paukwati. Chasiyana n'chiyani?"

"Mwina moto unachuluka."

"Moto? Ine wandiphunzitsa moto ndani? Musandiyese mwana, Abba. Munabisa kanthu."

A Mofazzal anapitiriza kutakasa. Omata mabuku a mashopu oyandikana anali atasiya singano zawo, makutu ali tcheru.

"Tsitsa mawu, anthu akumva."

"Amve! Kukoleji kuja anthu sanamve? Ndinalumbira kuboma kuti ndalemba zoona zokhazokha. Mwandisandutsa wabodza ndi dzanja langa lomwe."

"Kanthu kamodzi kokha," anatero bambo, mosachita ndi manyazi omwe. "Kongotapa ndi zala ziwiri, kamene ndimathira pomaliza, iwe ukapita kotunga madzi. Sindinakunamize chifukwa chodana nawe, mwanawe. Koma mwana wamkazi ndi mlendo. Mawa ukwatiwa, ndipo zonse za m'mutu mwako zikhala za banja la eni. Chinsinsi cha mmisiri chimapita kwa mwana wamwamuna. Funsa aliyense mumsika muno."

Lutfa anamva ngati amuthira guluu wotenthayo pachifuwa. Ndiye kuti maulendo onse aja otunga madzi, kuyambira ali wamng'ono wosatha kunyamula ndowa, anali ongomuchotsa pamphika. Ndipo iye ankathamanga mokondwa, kuti abambo amuyamikire changu.

"Ndiye munamuuza Bhaiya Tofayel?"

"Kalekale. Chili m'manja abwino." A Mofazzal anakweza mawu. "Tofayel! Tabwera kuno."

Tofayel anasuzumira, mapepala ali kukhwapa, zala zili bii ndi ufa wa inki.

"Mwayambanso awirinu? Fulumirani, ndili ndi anthu pamzere."

"Muuze mlongo wakoyu kuti chinthu chija unachisunga."

"Chinthu chiti?"

"Chija ndinakunong'oneza pa Idi, chaka chimene unayamba kumera ndevu."

Tofayel anakanda m'mutu, n'kusiya inki pachipumi.

"Aaa, Abba, zakalekale zija? Si mchere? Ayi, dikirani, kanali kanthu koyera... kapena kobiriwira. Mufunseni Lutfa, ndi amene amadziwa za maphala anuwa. Ine pepala landikodwa m'makina."

Anapita. Winawake mushopu yoyandikana anaseka, kenaka n'kunamizira kutsokomola.

Mthiko unaima m'dzanja la a Mofazzal. Anayang'ana kumene mwana wawo wamwamuna analowera, pakamwa pali yasa. Lutfa atawaona choncho, chisoni chinafuna kumugwira. Anachikankhira kutali. Chisoni chimenecho ndi chomwe chinamuyendetsa m'maofesi muja.

"Lutfa," anatero bambo motsitsa. "Tasendera. Werama, ndipatse khutu."

Mawu amenewa akanabwera chaka chatha, akanagwada pomwepo misozi ili chuchuchu. Lero anabwera chifukwa nkhokwe inayo yapezeka yobowoka. Anaimabe chilili.

"Mlendo sauzidwa za m'nyumba, Abba."

"Usatero, mwanawe. Ndikafa nacho?"

"Kamunong'onezeninso Bhaiya. Mwina ulendo uno akakopera."

Guluu anayamba kugwira pansi pa mphika. A Mofazzal anamutambasulira mthiko, monga ankachitira masiku onse mkono ukatopa, osayang'ana n'komwe, podziwa kuti dzanja lake lilandira. Lutfa anawerama, n'kutola buku lake lodyekadyeka lija, n'kutuluka.

Fungo la guluu wopserera linamupeza asanafike pamsewu waukulu.