Tcheni cha Apongozi

"Chimenecho m'nyumba mwanga sichilowa," anatero mayiyo, akuchotsa chivindikiro cha botolo m'kamwa mwa mwana wake.

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a apongozi ake aamuna, ndipo banja linkalongedza za m'chipinda chawo. Masuti anatenga alamu ake aakulu. Mabuku anapita kusukulu kumene malemuwo ankaphunzitsa sayansi. Chinatsala ndi botolo lalikulu lodzaza tcheni cha timikanda tachitsulo, chija amakokera makatani, zidutswa zimene mkuluyo ankatola n'kumalumikiza mpaka zinakwana mamita makumi asanu. Mwamuna wake ankachifuna. Iye m'maso mwake munkangobwera kamkanda kamodzi katathothoka, kali pakhosi pa mwana wokwawa amene sankasankha chodya, ngakhale sopo.

Mwamunayo anapempha kuti achione kaye chikuuluka, kamodzi kokha. Anaima pamwamba pa masitepe atanyamula botolo, n'kuponya nsonga pansi. Tcheni chinatuluka pang'ono, n'kukolana, chonse n'kukhuthuka ngati matumbo a nkhuku. Alamu anachiwola ndi manja awiri, kuchipakira m'botolo, mwamunayo n'kuyesanso. Chimodzimodzi.

"Mwana wa mphunzitsi ameneyu?" anatero alamu.

"Inu achimwene, sayansi munalemba kawiri," anayankha mwamunayo.

Mkangano unabuka, aliyense akufotokoza zimene bambo ankanena. Timikandato sitilola kupindika kwambiri, choncho tingapo totsatizana timakhala ngati kandodo kogona. Ukanyamula mbali imodzi ya kandodoko, mbali inayo imakanikiza mulu uli pansi pake, muluwo n'kukakankhira m'mwamba. N'chifukwa chake tcheni chimayamba chadumpha kupitirira kukamwa kwa botolo chisanagwe, ndipo pogwera pakatalika chimakweranso kwambiri. Pakamwa onse anakhoza. Tcheni chili phee pansi, mwana akuchilondola.

Mayiyo anamukoka mwendo kachitatu, mtima uli m'malere.

"Mukupakira ngati zinyalala. Gwirani mwanayu, bambo ake. Bweretsani kuno."

Lamlungu lililonse apongozi akamasewera ndi tchenicho, ena onse ankayang'ana m'mwamba. Iye yekha ankayang'ana manja awo, kudikira tsiku limene chidzaduke. Ankadziwa kuti mkuluyo ankayambira kunsonga, kuchitsitsa m'botolo pang'onopang'ono kuti chigonane mwadongosolo. Anakhala pa sitepe n'kuyamba, akung'ung'udza za zovala zimene anasiya m'madzi.

Chala chake chinagunda kachotupa. Patsogolo kena, kenanso. Polumikizira paliponse panali powotcherera, chitsulo chake chikadali chowala.

Alamu anati ankayesa kuti mayiyo akudziwa. Mwanayo atangoyamba kukwawa, bambo anatha milungu iwiri patebulo, manja akunjenjemera chomwecho, kuwotcherera mfundo iliyonse n'kuikoka ndi pulayala. Atawafunsa anangoti mayi a mwana akumakhala m'mphepete mwa mpando tcheni chikangotuluka.

Iye anali asanawauzepo. Apongozi ungawauze bwanji kuti chidole chawo chikukusowetsa tulo?

Anamaliza kutsitsa, naimirira, naponya nsonga yekha. Tcheni chinalira pa galasi, chinakwera, n'kupindika m'mwamba ngati uta kupitirira mutu wake, chikuthamanga koma utawo uli pomwepo, mpaka nsonga yomaliza inamenya pansi.

Anatsika masitepe, natola mfundo imodzi, naikulunga m'zala, naikoka ndi mphamvu zake zonse mpaka zala zinachita mizere. Anayesa ina.

"Pamwamba pa kabati," anatero, osayang'ana mwamuna wake. "Ndipo wolongedza ndine."