Kazenera ka Matikiti

Amalume ake ankamutcha Phuma, ndipo dzinalo linamukhala. Chimalizireni sukulu, mtsikanayu ndiye anali maso awo, poti ng'ala inali itawaphimba moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

M'kabati ya kuchipinda kwawo munali makobidi achikumbutso, osati ogulira zinthu ayi, lililonse lili ndi chithunzi cha chomangidwa chamakedzana: milatho, nsanja, nyumba zowerengeramo mabuku. Lililonse linkagona m'kachikuto kake ka pulasitiki. Lamulo linali limodzi: khobidi ligwidwe m'mphepete mokha, chifukwa thukuta la chala limadya chitsulo ndipo chidindo chake sichifufutika.

M'mawa umenewo wapositi anabweretsa khobidi latsopano. Linali la siteshoni yakale ya sitima, kumene amalumewo anathera unyamata wawo akugulitsa matikiti. Siteshoniyo anaigwetsa kalekale, pano pamaima magalimoto.

"Khala apa, mphwanga. Ukuona chiyani?"

"Siteshoni, amalume."

"Zikomo kwambiri. Ine ndimayesa anditumizira khola la nkhuku."

Phuma anaseka, nayandikiza galasi lokulitsira zinthu. Mtima wake unali kale pabwalo, koma atayang'anitsitsa, kanyumba kasiliva kaja kanamukoka.

"Pali nsanja ya wotchi, zipilala, khomo lokhota ngati uta. Pakhomopo paima mtsikana ndi sutikesi, akudikira wina amene analonjeza kubwera pa sitima yamasana..."

"Iwe, bodza lako lilibe ndi nsapato zomwe. Pa makobidi awa sajambulapo anthu."

"Ndiye nyumba yopanda anthu ndi nyumba ngati?"

Amalume anafunsa ndi mawu otsika amene Phuma anali asanawamvepo.

"Kumanzere kwa khomo, pansi pa khonde. Pali kazenera?"

Apo m'pamene Phuma anazindikira. Amalume sankafuna nsanja kapena zipilala. Ankafuna kudziwa ngati wosula khobidiyo anakumbukira kabowo kamene iwo ankaoneramo dziko likupita ndi kubwera.

Anayang'ana, napendeketsa khobidilo cha kuwindo. Panali kamzere, mwina zenera, mwina mthunzi wa chipilala. Kunena kuti kalipo kunali kosavuta, koma makutu a amalume ankagwira bodza lisanatuluke n'komwe. Kunena kuti palibe, kunali kuwagwetsera siteshoniyo kachiwiri.

Analowetsa chikhadabo pamsoko wa kachikuto. Thwa!

"Phuma! Chalira n'chiyani?"

"Ndipatseni dzanja."

"Wapenga? Tseka msanga! Zaka zonsezi sindinakhudzepo ngakhale limodzi."

"Ndiye mukusungira ndani, amalume? Ine maso anga akanika. Dzionereni nokha."

Anawatambasula chikhatho, nawaikamo khobidilo. Iwo analigwira m'mphepete monga mwa chizolowezi, chala chachikulu chili lende pamwamba pake. Panja panadutsa njinga ikuliza belu. Phuma, amene sankatha kudikira ngakhale madzi kuti awire, anadikira.

Chalacho chinatsika.

Chinayamba pa nsanja, n'kutsetsereka ndi denga, n'kulowa pakhomo ngati munthu wodziwa njira. Chinakhotera kumanzere. Chinaima pamenepo, chikusisita, kubwerera, kusisitanso.

"Palibe," anatero amalume potsiriza. "Ndi chipilala ichi. Anakaiwala."

Phuma analandira khobidilo m'mphepete, akusakasaka mawu opepesera, ndiye anaona. Pa siliva wonyezimirayo panali patatsala chidindo cha chala, mizere yake yozungulirazungulira, pansi pa khonde penipeni.

"Mwalidetsa, amalume. Ndipukute?"

"Pati?"

"Kumanzere kwa khomo."

Amalume analozetsa nkhope kumene kunkachokera kuwala.

"Ndi pamene ndinkakhala pamenepo," anatero. "Usapukute. Tseka choncho, mosamala. Ndati mosamala, iwe!"