Mawaya ndi Rauta ya Kunthambi

Pa zaka khumi ndi zisanu zimene Mayi Mawaya anasamala netiweki ya makompyuta a kampani ina, palibe anawafunsapo maganizo. Ndiye sanadabwe pamene bwana watsopano wa makompyuta, yemwe anthu ankamutchula kumbali kuti Satifiketi, anagula pulogalamu yatsopano ya marauta, timakina tolondolera mauthenga pa netiweki, osawauza n'komwe.

"Imeneyi imadzisankhira yokha njira yodutsira mauthenga," anatero Satifiketi, uku akuwongola tayi. "Waya wina akadzaza, imakhotera kwina. Zolemba malamulo pamanja zija n'zachikale, mayi."

Munthuyu anali asanagwirepo waya wafumbi chibadwire, koma pakamwa ndiye panali pothwa. Mwezi womwewo akuluakulu ankasankha antchito oti achotsedwe, ndipo dzina la mayiwa linali pamndandanda.

Mayi Mawaya anali ndi kachitidwe kawo. Asanasinthe kanthu pa rauta yakutali, ankaitchera nthawi kuti ikakhala mphindi khumi osamva za iwo, ibwerere yokha mmene inalili. Ukadzitsekera kunja, umangodikira pang'ono, khomo n'kutsegukanso.

Lachinayi m'mawa Satifiketi anakhala pa mpando wawo kuti aike pulogalamuyo mu rauta ya kunthambi ya kampani, ulendo wa maola asanu pa galimoto.

"Tcherani kaye nthawi, bwana."

"Mantha amenewo ndi amene akukukalambitsani, mayi," anayankha akuseka, n'kudina batani.

Pulogalamu yanzeruyo inasanthula mawaya onse, inaona kuti umodzi ndi wochedwa, n'kuutseka. Unali womwewo umene iwo ankalowera mu rautayo ali kuofesi. Sikirini inangoti zii. Posakhalitsa foni inayamba kulira: anthu makumi anayi kunthambi kuja anali atangopinda manja. Safunsa anadya phula, koma amene anakalidya phula ili ndi wina. Kiyi wa kabati ya rautayo anali m'chikwama cha Mayi Mawaya.

Anayendetsa galimoto maola asanu, mtima ukuwira njira yonse. Atafika anagwada kuseri kwa kabati, pakati pa makatoni ndi zikolopa, analumikiza laputopu yawo ku rauta, n'kulemba mizere inayi ya malamulo. Timagetsi ta rautayo tinayamba kuphethira. Wapakauntala wina anawafunsa ngati abwera kudzakonzanso ketulo.

Lachisanu anafika kuofesi msana ukuwawa, koma ali ndi kachiyembekezo kochititsa manyazi: mwina tsopano akuluakulu aona. Anapeza uthenga wa Satifiketi wopita kwa onse. Unkati dzulo netiweki inadwala pang'ono, ndipo pulogalamu yatsopano inadzichiza yokha tsiku lomwelo. Akuluakulu anali atayankha kale, kumuyamikira.

Masana anawaitana ku ofesi yolemba anthu ntchito. Mayi wa kumeneko anawapatsa envelopu osawayang'ana kumaso.

"Pepani kwambiri, amayi. Akuti ntchito yanu ija makina ayamba kuigwira okha, ndipo umboni ndi wa dzulo lomweli."