Mawu Amene Eneles Anawonjezera

Eneles anali atakolopa m'chipinda cha odwala mwakayakaya kwa zaka khumi ndi zinayi. Sanali namwino. Yake inali ndowa ndi chikolopa, kutaya zonyansa, ndi kupukuta bedi munthu akachokapo. Ankakhala ku Mufakose, m'nyumba imene anamusiyira malemu bambo ake, mwamuna wa ku Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito m'dziko la eni n'kukalambira m'fakitale ku Graniteside. Chichewa ankachiyankhula kutchalitchi ndi pamaliro basi. Ana ake ankamuyankha m'Chishona.

Pofika Okutobala wa 2008, anamwino ambiri anali atapita ku Joni ndi ku Botswana. Mabedi m'chipindamo anali asanu ndi atatu, koma makina opumira amoyo anali anayi. Madzi ankabwera m'migolo, tsiku lina osabwera. Otsala ankangogwira ntchito, osafunsana kuti mawa kudzacha bwanji.

Mmodzi mwa otsalawo anali Dokotala Ruvarashe, mtsikana wowonda, wosakonda nthabwala, amene ankachita kafukufuku. Ankafuna kudziwa ngati anthu ovulala amene mapapo awo alephera angathandizike powagoneka chafufumimba maola angapo tsiku lililonse, m'malo mogona chagada nthawi yonse. M'kabati yake munali maenvelopu omata. Wachibale akavomera, dokotala ankatsegula imodzi, ndipo kapepala ka m'katimo ndi kamene kankanena kagonedwe ka wodwalayo.

Lachiwiri lina m'mawa anabweretsa mayi wa zaka makumi atatu, dzina lake Febbie. Ankagulitsa tomato kumsika waukulu wa Mbare Musika. Lole ya kabichi, pobwerera m'mbuyo, inamupanikiza kukhoma. Nthiti zinathyoka, mapapo anadzaza magazi, ndipo pofika masana anali pa makina, paipi ili pakhosi.

Eneles anali kutsuka sinki pamene dokotala anamuitana.

"Amai, inu mumayankhula Chinyanja, eti? Panja pali bambo ake a wodwala wa bedi lachitatu. Chishona changa sakuchitsata bwino. Ndithandizeni."

Pabenchi panali nkhalamba yovala jekete lalikulu, chipewa chili m'manja. Awa anali bambo Yoramu. Anagwira ntchito ya fodya pafamu ina ku Banket zaka makumi anayi, ndipo famuyo italandidwa anadzakhoma kanyumba ku Hopley, kunja kwa mzinda. Chishona chawo chinali chogulira mchere. Cha dokotala, chosakaniza ndi Chingerezi, chinkangowadutsa.

Eneles anagwada pang'ono. "Muli bwanji, bambo?"

Nkhalamba inadzutsa mutu msanga. "Ndinu akwathu, mayi?"

"Bambo anga anali a ku Ntcheu."

"Ine Dedza. Mulungu wakutumani."

Dokotala anakhala pambali ndi pepala lake la chilolezo nayamba kufotokoza, Eneles akumasulira. Anafotokoza za mapapo, za makina, za kugoneka chafufumimba, za maenvelopu. Mawu ena Eneles ankawasowa, n'kumazungulira mpaka atawapeza. Bambo Yoramu ankangogwedeza mutu. Pomaliza anafunsa funso limodzi.

"Ndikadinda chala pamenepa, mwana wanga achira?"

Eneles anapereka funsolo kwa dokotala. Dokotala anayankha mosathamanga.

"Auzeni kuti sitikudziwa. Tikanadziwa, bwenzi palibe kafukufuku. Mwana wawo wavulala kwambiri, akhoza kumwalira kaya adinde kaya asadinde. Akakana, timusamalabe chimodzimodzi. Ngati pali abale ofuna kumuona, abwere msanga."

Eneles anayang'ana nkhalambayo. Nsapato zawo zinali za matayala, mapazi otuwa ndi fumbi la ulendo wapansi wochokera ku Hopley. Milomo inali youma. Maso awo anali pa iye, osati pa dokotala. 

"Akuti njira imeneyi ndi yabwino," anatero Eneles. "Ambiri amathandizika nayo. Musade nkhawa, bambo, mwana achira."

"Anena choncho adokotala?"

"Anena choncho."

Bambo Yoramu anapuma mozama. Anapukuta chala chachikulu pajekete, nachiviika mu inki, nadinda. Dokotala anatsegula envelopu. Kapepala kanati chafufumimba.

Kutembenuza munthu amene ali pa makina kumafuna anthu asanu. Tsiku limenelo anamwino analipo awiri, choncho anaitana Eneles kuti agwire miyendo. Dokotala anagwira mutu ndi paipi, nawerenga mpaka katatu, ndipo anamutembenuza. Kuphazi kwa Febbie kunali khungu lolimba ngati la munthu woyenda wopanda nsapato, ndipo m'zikhadabo za m'manja munali mukadali dothi la tomato. Patapita ola, nambala ya mpweya pa makina inakwera. Dokotala anailemba m'buku. Eneles anaiona, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Anadziuza kuti mwina sananame kwenikweni, wangotsogoza mawu.

Mawa lake, nthawi yoona odwala, bambo Yoramu anaima pakhomo n'kudabwa.

"Mayi, mwamugoneka bwanji mwana wanga? Nkhope ili pansi ngati munthu wogwa panjira."

"Ndi njira ija, bambo. Mapapo akumbuyo apume."

"Oho." Anayandikira nagwira chigongono cha mwana wawo. "Febbie, ndine. Ana ali bwino. Amako akupereka moni."

Potuluka anauza Eneles kuti akazi awo, mayi Iris, anavutitsa m'mawa kuti abwere nawo. Koma mayiwo miyendo inatupa, sayenda patali, ndipo kombi, minibasi ya mumzinda, masiku amenewo inali ya anthu olemera.

"Ndawauza kuti akhale, asamale zidzukulu. Adzamuona akatuluka. Si adokotala anena kuti achira?"

Eneles anafinya chikolopa m'ndowa. Apa ndi pamene akananena zoona. Anatsegula pakamwa, koma namwino anamuitana kuti bedi lachisanu lataya mkodzo, ndipo anapita. Pobwerako nkhalamba inali itanyamuka kuti dzuwa lisailowere panjira.

Lachinayi nambala inakhalabe bwino. Lachisanu Febbie anatentha thupi. Mankhwala amene dokotala ankafuna kunalibe m'chipatala monse, anangopereka amene analipo. Loweruka masana magetsi anazima, ndipo jenereta inalira kanthawi n'kukhala chete. Makina onse anayi anayamba kulira pamodzi. Aliyense amene anali ndi manja anapatsidwa chithumba champira chopopera mpweya. Eneles anapatsidwa cha Febbie.

"Finyani, werengani mpaka kasanu, finyaninso," anatero dokotala. "Musasiye mpaka ndikuuzeni."

Anafinya maola awiri ndi theka. Zala zinauma, mkono unachita dzanzi, thukuta linkalowa m'maso. Ankayang'ana chifuwa cha mayiyo chikukwera ndi kutsika mwa dzanja lake, n'kumapemphera pemphero la m'Chichewa limene sanalinenepo kuyambira ali mwana. Magetsi atabwera, nambala sinakwerenso pamene inali.

Febbie anamwalira Lolemba, cha m'ma naini m'mawa. Bambo Yoramu anafika masana atanyamula mabanana awiri m'thumba la jekete. Eneles ndi amene anamasuliranso, ndipo ulendo uno sanawonjezere kapena kuchotsa liwu. Nkhalamba sinalire. Inakhala pabenchi nthawi yaitali ikuyang'ana dzanja lake.

"Ndiye kuti ndamupha ndine," inatero. "Akanagona chagada ngati anzake, mwina bwenzi ali moyo."

"Ayi, bambo, si choncho."

"Nanga adokotala ananena kuti achira. Chalakwika n'chiyani?"

Eneles anawaperekeza ku ofesi ya mapepala a maliro, nabwerera ku ndowa yake.

Anakhala nazo mumtima masiku anayi. Chakudya sichinkalowa. Lachisanu anapeza dokotala ali yekha akulemba, ndipo anaima pakhomo manja ali kumbuyo namuuza zonse, mawu amene dokotala ananena ndi mawu amene iye anapereka.

Dokotala anavula magalasi n'kutikita m'maso. Sanakalipe.

"Ndikanayenera kuwafunsa abwereze zimene amva. Ndinali ndi changu." Anatsegula kabati natulutsa fayilo ya Febbie. "Ngati sanamve zoona, ndiye kuti sanavomere. Zonse tinalemba za mayiyu sindingazigwiritse ntchito."

Anajambula mzere pachikuto naika fayiloyo payokha.

"Ndiye masiku onse aja, kumutembenuza konse kuja, kwapita pachabe?"

"Mwina zonse zipita pachabe, amai. Ndili ndi odwala makumi awiri ndi atatu, pamene ndimafunika zana. Akuti sabata yamawa atseka chipinda chino." Anabwezera magalasi. "Koma bambo aja adziwe kuti si chala chawo. Ine ku Hopley sindingakafike, ndipo ngakhale nditafika sangandimve."

Lamulungu Eneles sanapite kutchalitchi. Anamanga kathumba ka shuga kamene ankasungira Khirisimasi nayamba ulendo. Anafika ku Hopley dzuwa lili pamutu. Tinyumba tinali ta njerwa zosawotcha, mapepala apulasitiki ndi malata akale, ndipo pazitsime zokumba pamanja panali mizere ya zigubu, ngakhale kolera inali itayamba kale kutenga anthu. Anafunsa katatu asanapeze pakhomo. Maliro anali ataikidwa Lachinayi.

Bambo Yoramu anali pamthunzi wa khoma. Pamkeka panali mayi wokalamba, miyendo yotupa ataitambasula, ndipo tiatsikana tiwiri tometedwa tinkasewera ndi zitsekerero za mabotolo. Atapatsana moni ndi kupepesa, Eneles anakhala pansi nanena zimene anadzera. Sanazungulire. Ananena kuti dokotala sanalonjeze kanthu, kuti ananena poyera kuti Febbie akhoza kumwalira kaya bambo adinde kaya asadinde, kuti abale abwere msanga, ndi kuti mawu oti achira anali a iye mwini.

Kwa aneba wina ankakhoma lata.

"Munachitiranji zimenezo, mayi?" anafunsa bambo Yoramu.

"Ndinakumverani chisoni."

"Chisoni." Anatembenuza chipewa m'manja. "Mukanandiuza zoona, ndikanadindabe. Munthu womira sasankha chogwira. Koma ndikanabwereka wilibala kwa aneba athu a Custodio apa, n'kuwakankha amake mpaka kuchipatala. Ndikanatenga ana awa. Ine ndinawaletsa ndi pakamwa pangapa. Ndinati mudzamuona akatuluka."

"Ndinalakwa, bambo."

"Munalakwa."

Anadzuka pang'onopang'ono nazungulira kuseri kwa nyumba. Sanabwerenso. Eneles anaika shuga uja pamphepete pa mkeka nakonza chitenje kuti anyamuke.

"Khalani kaye," anatero mayi Iris. Aka kanali koyamba kuyankhula. Mawu awo anali osasa ndi kulira. "Inu munali naye masiku onsewo?"

"Ndinali naye, mayi."

"Bokosi linabwera lokhomedwa kale. Anati chifukwa cha matenda ali kunjaku tisatsegule. Ine mwana wanga ndinamuona komaliza akutuluka ndi dengu m'mawa uja." Anauza zidzukulu kuti zikasewere kwa aneba, nadikira mpaka zitapita. "Ndiuzeni. Koma musandimvere chisoni."

Eneles anakhalanso pansi. Anayambira Lachiwiri. Ananena za paipi ya pakhosi, za nkhope yotupa, za mmene ankamutembenuzira anthu anayi m'malo mwa asanu. Ananena kuti mankhwala ogonetsa analipo mpaka Loweruka, ndipo pambuyo pake sakudziwa ngati ankamva ululu, chifukwa nthawi zina ankakwinya pamphumi. Ananena za magetsi ndi chithumba champira. Mayi Iris anafunsa ngati anatsegulapo maso, ndipo Eneles anati kamodzi, Lachinayi, koma sanayang'ane munthu. Anafunsa amene anamutseka maso. Eneles anati namwino, iye anangothandiza kumusambitsa ndi madzi a m'ndowa, ochepa.

"Tsitsi munamupesa?"

"Ayi, mayi. Sitinamupese."

Mayi Iris anagwedeza mutu, misozi ikutsika osaipukuta. Anafunsanso zina, zazing'ono, ndipo Eneles anayankha chilichonse mpaka mafunso anatha. Mthunzi wa khoma unali utafika pamsewu. Mayiwo sanathokoze ndipo sanatukwane. Anangoti, "Pitani, kwanu n'kutali."

Lachitatu lotsatira chipinda cha odwala mwakayakaya chinatsekedwa. Odwala awiri otsala anawatengera kwina, dokotala ananyamula mafayilo ake m'katoni, ndipo Eneles anauzidwa kuti azidikira kunyumba mpaka adzamuitane.